Kusungitsa mtendere ndi kumanganso nkhondo ikatha: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Zomba

Tsambali ndi la anthu wamba: aphunzitsi, amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti, a makomiti a m'midzi, ogulitsa mumsika, ophunzira a ku Chirunga, ndi aliyense amene ali ndi m'bale kapena mnansi ku Cobbe Barracks. Amene amatontholetsa mfuti ndi asilikali ndi andale, koma zoti anthu adyerenso mbale imodzi zimakonzedwa pamjigo, pamaliro ndi pabwalo la mfumu. Mayankho athu atsamira kumeneko.

Nkhondo ili ku Congo (DRC) ndi ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Ife a kuno ikutikhudza pati?

Ikutikhudza pakhomo penipeni. Zomba ndi mzinda wa asilikali kuyambira nthawi ya King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, ndipo chipilala cha wotchi pafupi ndi Cobbe Barracks chimakumbutsa amene anafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi akhala akupita kum'mawa kwa DRC limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa pansi pa United Nations (UN). Mu Novembala 2018 Amalawi asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania yemwe anavulala, ndipo mu 2019 UN inapereka ku banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu kufupi ndi Goma, pa ntchito ya SADC, pomwe zigawenga za M23 zinkalowera mumzindawo.

Kutsidya kwa nyanja ya Chilwa ndi ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo isanathe ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, Malawi anasunga anthu othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni. Ena anathawiranso ku Kapise ku Mwanza mu 2016, ena ku Nsanje kumapeto kwa 2024. Nawo magazi akhetsedwapo kuno komwe: anthu 20 anafa pa zionetsero zomwe zinayamba pa 20 Julayi 2011.

Asilikali osungitsa mtendere amakachita chiyani, nanga ndingawatumizire ndalama?

Amakalondera misewu ndi misika, kuteteza misasa ya anthu othawa, kuperekeza magalimoto a chakudya ndi mankhwala, ndi kuona ngati mbali zomwe zalonjeza kuleka kumenyana zikusungadi pangano. Ntchito za UN zimayendera mfundo zitatu: mbali zokangana zivomereze kubwera kwa asilikaliwo, asilikaliwo asakondere mbali, ndipo mfuti ilire pokhapokha podziteteza kapena poteteza ntchito yomwe atumidwa. Gulu lomwe Amalawi analowa mu 2013 ndi losiyana, chifukwa linapatsidwa mphamvu zotsatira magulu a zigawenga kunkhalango n'kukamenyana nawo. N'chifukwa chake ntchito yawo ndi yoopsa kuposa ya anzawo ambiri.

Ndalama zoyendetsera ntchitozi amasonkha ndi maboma a mayiko, ndipo UN imabwezera boma lomwe latumiza asilikali. Palibe thumba lomwe inu mungaponyemo K5,000 kuti ikafike ku Beni. Wina akamasonkhetsa "za asilikali athu ku Congo" pa nambala yakeyake ya Mpamba kapena Airtel Money, kaneneni kupolisi.

Mnansi wathu wapita ku ntchitoyi. Banja lake tingalithandize bwanji?

Apa ndiye pamene munthu wa ku Zomba ali ndi zochita zambiri, ndipo ntchito imayamba asananyamuke. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi ndi banjalo, agwirizane kuti ndalama azitapa ndani, za fizi ndi zingati, za feteleza ndi zingati, zopita kumudzi kwa makolo ndi zingati. Woyendayo aonetsetse kuti maina a mkazi kapena mwamuna wake ndi ana omwe ali m'mabuku a kuntchito ndi a lero, osati amene analembetsa akuyamba usilikali. Alembe wilu, asaine pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizidzalandirapo kanthu. Ena amati kulemba wilu n'kudziitanira imfa. Si choncho ayi. Chomwe timaona n'chakuti pakapanda wilu, ana ndi amene amatuluka m'nyumba manjamanja.

Iye ali kumeneko, nthawi zambiri kwa chaka chathunthu, banja lotsala limazunzika ndi zinthu ziwiri: kupemphedwa ndi miseche. Abale amayamba kuona wotsalayo ngati wa madola, pamene ndalama zinazo amadzalandira mochedwa. Miseche ya kuti mayi wa uje tamuona ndi uje imakafika mpaka ku Congo pa WhatsApp, n'kukasokoneza mutu wa munthu yemwe wagwira mfuti usiku. Thandizo lenileni ndi laling'onoling'ono koma losadukiza: kuperekeza mwana kuchipatala usiku, kukhomerera malata omwe mphepo yasasula, kukapalira nawo munda Disembala asanathe.

Musaike pa Facebook zithunzi zoonetsa malo omwe asilikali ali kapena tsiku lomwe akusamuka. Zigawenga nazo zili ndi mafoni. Ndipo mukamva kuti wina wavulala kapena wamwalira, tsekani pakamwa mpaka akuluakulu a asilikali atakafika kubanja. Taganizirani mayi ali pamsika wa Mpondabwino, akutsitsa mtengo wa matemba, mwana kumsana. Foni yalira, watsegula, n'kupeza chithunzi cha bambo a ana ake atachilemba kuti "wusani mumtendere". Amene watumizayo amati wathandiza. Zoterezi zisachitike ndi dzanja lanu.

Zovuta zikagwa, kumbukirani kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011. Mperekezeni namfedwa ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau abale asanayambe kutulutsa mipando.

Mchimwene wanga wabwerako, koma si yemwe uja. Sagona, amadzidzimuka, wayamba kumwa kwambiri. Titani?

Kulota zoopsa, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kukwiya msanga, kuthawa pagulu: zimenezi zimachitikira anthu ambiri omwe aona imfa pafupi, kaya ndi asilikali kaya ndi othawa nkhondo. Si misala, si kulodzedwa, si mantha a munthu wofooka. Kwa ambiri zimazilala m'masabata ochepa.

Musamufunse kuti anapha angati. Musamudzutse pomugwira mwadzidzidzi. Muitaneni dzina muli chapatali. Pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano muuzeni pasadakhale kuti ana aphulitsa makombola. Akafuna kuyankhula, mumvereni osamudula ndi malangizo. Akapanda kufuna, khalani naye chete, kaya pabawo kaya kumunda. Phwando la mowa lomulandirira kwa mlungu wonse limaononga koposa kukonza, chifukwa mowa umagonetsa usiku umodzi n'kukulitsa vutolo mawa lake.

Zikapitirira mwezi, kapena zikumulepheretsa kugwira ntchito, apite kuchipatala cha kuntchito kwawo kapena ku Zomba Mental Hospital, chomwe chimathandizanso anthu oyendera kuchokera kunyumba. Akanena zodzipha, musadikire mawa: musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe, mupite naye tsiku lomwelo. Akayamba kumenya mkazi kapena ana, nkhondo si chifukwa chomukhululukira. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi. Za ana mungaimbenso 116, nambala yaulere yomwe amayendetsa a YONECO a konkuno.

Mpingo wathu ukufuna kusonkha thandizo la anthu othawa nkhondo. Tisonkhe chiyani?

Funsani kaye musanasonkhe. Ofesi ya DC wa boma lomwe kuli anthuwo ndi a Malawi Red Cross Society amadziwa chomwe chikusowa sabata imeneyo. Chomwe chimalakwika kawirikawiri n'chakuti anthu amakhuthula zovala zakale, n'kulipira galimoto ndalama zoposa mtengo wa zovalazo, pamene kumsasa kukusowa sopo ndi zidebe. Ndalama zimaposa katundu: sizionongeka panjira, zimagula chimanga pamsika wapafupi, ndipo ogulitsa a m'deralo amapindulako m'malo moona alendo ngati mtolo.

Kuti muone kukula kwa ntchito, nayi miyezo yomwe mabungwe othandiza amayendera. Munthu mmodzi amafunika madzi osachepera malita 15 patsiku, ndiye banja la anthu asanu ndi zidebe pafupifupi zinayi za malita 20. Chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, apo ayi kolera ali pakhomo. Chakudya cha munthu mmodzi patsiku ndi chimanga kapena ufa wa magalamu ngati 450, nyemba magalamu 50, mafuta magalamu 25 ndi kamchere. Thumba la makilogalamu 50 limathera banja la anthu asanu m'masiku 22 okha. Mukapereka chimanga, ikanipo ya kuchigayo. Mukaiwala, adzagulitsa gawo lina kuti agayitse lotsalalo. Onjezani sopo, zovalira amayi ndi atsikana akakhala kumwezi, maneti a udzudzu ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Mkaka wa m'chitini wa makanda musatumize: pamalo opanda madzi aukhondo umatsegula ana m'mimba ndipo umaumitsa bere la mayi. Mankhwala otsala kunyumba musatumizenso.

Ndalama zisungidwe ndi anthu atatu, aliyense wopereka alembedwe, malisiti awerengedwe pamaso pa mpingo wonse. Ndipo patulani gawo la eni mudzi omwe alandira alendowo. Nkhuni zawo zikutha, mjigo wawo wadzaza, kalasi ya ana awo yapanikizana. Akamaona matumba akudutsa pakhomo pawo osatsikapo ndi limodzi lomwe, thandizo lanu labzala mkangano watsopano.

Tingadziwe bwanji kuti bungwe ndi lenileni?

Likhale lolembetsedwa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la bungwe, ndipo a ku khonsolo alidziwe. Lokana kuonetsa chimodzi mwa zitatuzi lisiyeni. Achinyamata achenjerenso ndi mauthenga a ntchito za UN omwe amati mulipire ya fomu kapena ya yunifolomu. UN silipiritsa munthu pofunsira ntchito, ndipo asilikali ndi apolisi amatumizidwa ndi boma lawo.

Anthu othawa afika m'mudzi mwathu kudzera kunyanja. Masiku oyamba tichite chiyani?

Madzi, phala ndi pogona kaye, mafunso pambuyo. Tsiku lomwelo uzani anyakwawa, iwo auze agulupu, apolisi ndi mlangizi wa zaumoyo, uthenga ukafike kwa DC. Lembani maina, zaka ndi mudzi womwe aliyense wachokera, makamaka ana omwe afika opanda makolo. Mwana wotere asaperekedwe kwa munthu wongoti ndikamusunga kutauni. Umu ndi momwe ana amasandukira antchito a m'nyumba, ena n'kukwatiwa ali aang'ono. A Red Cross ali ndi ntchito yofufuza ndi kulumikizanitsa abale omwe atayana. Musajambule nkhope zawo n'kumwaza, chifukwa amene awathamangitsa akhoza kukabwezera kwa abale otsala. Wina akafika ndi mfuti, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, osati ya anyamata a m'mudzi.

Dziwaninso kuti boma limafuna othawa kwawo azikhala kumsasa, ndipo mu 2023 linabwezera ku Dzaleka ambiri omwe ankakhala m'matauni. Dzaleka ya ku Dowa inatsegulidwa mu 1994 kuti isunge anthu osapitirira 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri a ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Ife tikuona kuti munthu wodziwa kusoka kapena kuphunzitsa akamaletsedwa kudzigwirira ntchito, dziko lomwe likuluza. Ngati nanunso mukuona choncho, uzani phungu wanu. Nzika ili ndi ufulu umenewo.

Mphekesera za pa foni zingayambitsedi chipolowe?

Zinayambitsa kale. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ogwira ntchito zaumoyo anaopa kulowa m'midzi. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkatchula anthu kuti mphemvu isanayambe kuwerenga maina a oti aphedwe.

Musanatumize uthenga, dzifunseni kuti waona ndi maso ndani, kuti, liti. Uthenga wa mawu wopanda dzina la woyankhula, wongoti "tumizani kwa onse msanga", ufere pafoni yanu. Zithunzi zambiri za mitembo zimakhala zakale kapena za dziko lina. Ngati ndinu woyang'anira gulu la WhatsApp, fufutani uthenga wonyoza mtundu, chipembedzo kapena chipani, ndipo muyankhule ndi wotumizayo kumbali, osati kumuchititsa manyazi pagulu. Kuno timakhala Ayao, Alomwe, Amang'anja, Asilamu ndi Akhristu mosakanikirana, timakwatirana, timaikana maliro. Mawu oti "obwera" akayamba kumveka pamsonkhano, wamkulu aliyense amene alipo awadule pomwepo.

Mkangano wa malo m'dera lathu wafika potenthana nyumba. Anthu wamba angayanjanitse bwanji?

Nkhondo ikatha, mlandu woyamba kubuka umakhala wa malo: wothawa uja wabwera, wapeza wina akulima munda wake. Kuno nakonso mikangano yambiri yokhetsa magazi ndi ya minda, madimba a ku Chilwa ndi ufumu. Njira yake ndi imodzimodzi.

Musathamangire kuitanitsa bwalo. Amkhalapakati awiri kapena atatu, omwe mbali zonse zawavomereza, ayambe ayendera mbali iliyonse payokha, kawiri kapena katatu. Pakati pawo pakhale mayi, ndipo ngati okanganawo ndi a zipembedzo zosiyana, pakhale wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi. Cholakwika chachikulu kuno n'kuitana mkamwini, pamene munda ndi wa mbumba. Akapanda kukhalapo mwinimbumba ndi amayi omwe amalima mundawo, chigwirizano chimagwa mvula yoyamba ikangogwa.

Malo okumanirana asakhale pakhomo pa mbali iliyonse. Kalasi ya sukulu Loweruka imachita bwino. Zikwanje, nsalu za chipani ndi mowa zitsale kunyumba, ndipo pasakhale wojambula ndi foni. Aliyense ayankhule mpaka amalize, kenaka mkhalapakati abwereze zomwe wamva: "Amayi, mwati malire anali pa mtengo wa mango uja, ndipo mzere unasunthidwa chaka chomwe nyanja inaphwa. Ndamva bwino?" Munthu akamva mawu ake akubwerezedwa molondola pamaso pa mdani wake, mapewa amatsika. Yambani ndi kankhani kakang'ono komwe kangathe tsiku lomwelo, monga njira ya kumjigo kapena yemwe akolole mbewu zomwe zili m'munda chaka chino. Za malire enieni zikambidwe pamunda pomwepo, mukuyenda ndi mapazi, ndipo pomwe mwagwirizana mubzalepo khonje kapena nkhadze onse akuona.

Zomwe mwagwirizana zilembedwe, asaine kapena adinde chala, mbali iliyonse itenge pepala lake, lina kwa mfumu. Ikani tsiku lobwereranso pakatha mwezi, ndi linanso Okutobala anthu asanayambe kugalauza. Chakudya ndi zoyendera za amkhalapakati zisachokere ku mbali imodzi. Mfumu ikakhala kuti nayo ili ndi mbali, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka: nkhaniyo ikwere kwa agulupu, kwa mfumu yaikulu kapena kukhoti. Lamulo la Mtendere ndi Umodzi la 2022 linakhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission ndi makomiti a mtendere a m'maboma. Funsani ku ofesi ya DC. Za zipani pa nthawi ya chisankho zimapita ku komiti ya zipani zonse ya m'boma, ndipo a PAC (bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana) ndi a NICE (bungwe lophunzitsa anthu za demokalase) akhala akuthandiza pa zokambirana zotere.

Kupha, kugwiririra ndi kugona ana si milandu yothera pa nkhuku kapena mbuzi. Imeneyo ndi ya polisi ndi khoti.

Amene anagwira zida tiwalandirenso? Si kuwalipira chifukwa cha zoipa zawo?

Funso ili ndi lowawa ndipo wolifunsa sakulakwa. Koma mnyamata yemwe watula mfuti n'kupeza kuti kwawo samufuna, alibe munda, alibe ntchito, amabwerera kutchire. Ku Mozambique, kuyambira 1995, bungwe la mipingo ya Chikhristu motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. M'midzi yambiri obwera ku nkhondo ankayamba asambitsidwa mwamwambo asanalowe m'nyumba, kuti mudzi wonse uone kuti munthuyu wasiya zakale.

Ntchito zotere zimalephera pa zifukwa ziwiri. Poyamba, kuphunzitsa ukalipentala miyezi itatu n'kumusiya munthu wopanda sowo ndi pulena, kapena kuphunzitsa atelala makumi atatu pamsika womwe ungadyetse asanu. Kachiwiri, kupatsa omenya okha, omenyedwa akuonerera. Gulu la banki m'khonde kapena la ulimi wothirira lisakanize onse, ndipo amasiye ndi olumala akhale oyamba pamndandanda. Izi zikukhudzanso anyamata athu omwe andale amawagulira mowa n'kuwapatsa zikwanje. Mmisiri amene watenga mmodzi n'kumuphunzitsa ntchito chaka chathunthu, mpaka atagula zipangizo zake, wachotsa chikwanje chimodzi pamsewu.

Kodi wolakwiridwa akuyenera kukhululuka kuti mtendere ubwere?

Musamukakamize, ndi vesi lomwe. Mlandu suola. Munthu amafuna zinthu zinayi: adziwe chomwe chinachitika, wolakwa avomere, chotayika chibwezedwe momwe zingathekere, ndipo akhulupirire kuti sizidzachitikanso. Ku Rwanda mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca anaweruza milandu pafupifupi 2 miliyoni yokhudza kuphedwa kwa anthu ochuluka kwa mu 1994, pakati pa 2002 ndi 2012. Anathandiza mabanja kupeza pomwe abale awo anakwiriridwa, ngakhale mboni zina zinaopsezedwa. Ku South Africa komiti ya Desmond Tutu yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho inamva maumboni poyera kuyambira 1996. Kwathu kuno khoti lapadera la chipukuta misozi cha ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ena mwa iwo anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu konkuno, linatsekedwa ambiri asanalandire zonse, ndipo madandaulo ake akumvekabe. Mnansi angathandize poperekeza mboni kubwalo, kugona kunyumba kwake masiku a mlandu, ndi kulemba zomwe okalamba akukumbukira, iwo atavomera.

Ana apeza chitsulo chachilendo kumunda, chonga bomba lakale. Titani?

Musachigwire, musachigende, musachiwotche, musachitengere kwa ogula zitsulo zakale. Bomba la dzimbiri limaphulika mosavuta kuposa latsopano. Bwererani potsata mapazi omwe munabwerera, ikani chizindikiro cha nthambi kapena nsalu chapatali ndithu, osati pachinthupo, ndipo wamkulu mmodzi atsale akubweza ana ndi ziweto. Uzani mfumu ndi apolisi. Iwo ndi amene amaitana akatswiri a asilikali. Mozambique analengeza kuti wamaliza kuchotsa mabomba okwirira pansi mu 2015, patatha zaka 23 nkhondo itatha, choncho asodzi ndi ochita malonda omwe amaolokera kutsidya aziyenda m'njira zomwe eni dera amayendamo, ndipo aphunzitsi a m'sukulu za kufupi ndi malire azibwereza malangizowa kwa ana teremu iliyonse.